Kodi mabanki akuluakulu ali ndi mlandu pa kusintha kwa nyengo?

Nabanda:
Moni nonse pagulu pano. Dzulo ndimawerenga lipoti la Banking on Climate Chaos, lija limatuluka chaka ndi chaka kuchokera ku bungwe la Rainforest Action Network ndi anzake monga BankTrack ndi Urgewald. La 2025 likuti mabanki 65 akuluakulu padziko lonse anapereka $869 biliyoni ku makampani a mafuta, gasi ndi malasha m'chaka cha 2024 chokha. Kuwerengera kuyambira 2016, pangano la ku Paris loti maiko achepetse kutentha kwa dziko litangovomerezedwa kumene, ndalamazo zinakwana $7.9 thiriliyoni pofika 2024. Patsogolo pali JPMorgan Chase, kenako Bank of America ndi Citi. Ndipotu 2024 ndi chaka chomwecho chimene kutentha kwa dziko kunakwera ndi madigiri oposa 1.5 poyerekeza ndi nthawi imene mafakitale anali asanafale, kwa chaka chathunthu koyamba. Tikamatchula olakwa timangotchula makampani a mafuta monga Shell, ExxonMobil, TotalEnergies. Nanga amene amawapatsa mpamba aja timawasiyiranji?

Injiniya wa Magetsi:
Achemwali, ine mlandu wa banki sindikuuona pamenepa. Ntchito ya banki ndi kubwereketsa ndalama kwa amene angathe kubweza. Wosula mpeni samangidwa chifukwa wina wakabaya nawo mnzake. Dziko lonse likugwiritsa ntchito migolo ya mafuta yoposa 100 miliyoni tsiku lililonse, ndipo ogwiritsa ntchitowo ndi ife tomwe, m'magalimoto, m'ndege, m'mafakitale. JPMorgan ikaleka lero, mawa ina ilowa m'malo mwake. Kakalipireni maboma amene amapereka ziphaso zokumbira, osati kalaliki wa ngongole.

Gogo Wamaakaunti:
Mwana wanga, fanizo lako la mpeni likutsimphina. Ine ndinakalambira pa desiki yovomereza ngongole, choncho ndiloleni ndinene zimene ndinaona. Wosula mpeni sadziwa kumene mpeniwo ukupita. Banki imadziwa. Isanatulutse ndalama imafunsa kuti mukachita nazo chiyani, mudzabweza bwanji, chikole ndi chiti. Ngongole ikakhala yaikulu imatumiza akatswiri kukaona malo, imawerengera mafuta amene ali pansipo, imayerekeza mtengo wa mgolo zaka 10 kapena 20 kutsogolo. Tsono banki ikavomera kuthandiza paipi kapena doko la gasi limene lakonzedwa kuti ligwire ntchito zaka 30 kapena 40, ndiye kuti ikuyembekeza kuti dziko lidzakhala likuwotchabe mafuta mpaka nthawi imeneyo. Pangano la ku Paris likatheka, dokolo lisanduka chitsulo cha dzimbiri ndipo ngongole ivuta kubwera. Likalephereka, banki ipindula. Kumeneko ndi kubetcha, ndipo munthu akabetcha amayamba kupempherera mbali imene waikapo ndalama.

Mphunzitsi wa Jogalafe:
Gogo anena zoona. Ndiwonjezere kuti si omenyera ufulu okha amene anati migodi yatsopano isatsegulidwe. Mu Meyi 2021 bungwe la International Energy Agency (IEA), limene linakhazikitsidwa mu 1974 kuti liziteteza maiko olemera ku kusowa kwa mafuta, linalemba kuti ngati dziko likufunadi kufika pa ziro wa mpweya woipa pofika 2050, sipakufunikanso minda yatsopano ya mafuta ndi gasi kapena migodi yatsopano ya malasha kupatula imene inali itavomerezedwa kale. Mabanki onsewa analiwerenga lipoti limenelo. Palibe anganene kuti sanamve.

Nabanda:
Apa ndi pamene ndikusokonezeka. Ndikukumbuka HSBC inalengeza mu Disembala 2022 kuti yaleka kupereka ndalama ku minda yatsopano ya mafuta ndi gasi. BNP Paribas inanenanso zangati zomwezo mu 2023, Barclays mu Febuluwale 2024. Ngati akusiya, ndalamazo zikukwera bwanji? Kapena lipotilo likunama?

Gogo Wamaakaunti:
Palibe akunama, mwana wanga, ndipo ndi chifukwa chake nkhaniyi imandiwawa. Banki ili ndi makomo angapo otulutsira ndalama, ndipo malonjezo ambiri anangotseka khomo laling'ono.

Khomo laling'onolo ndi ngongole ya pulojekiti. Kampani imabwera n'kunena kuti tikufuna kumanga paipi iyi, kuchokera apa kufika apo, ndipo ngongole idzabwezedwa ndi ndalama zochokera ku paipi yomweyo. Dzina la banki limalembedwa pambali pa dzina la paipi. Anthu akakwiya amadziwa kokaguba. Ngongole zotere ndi zimene mabanki ambiri analonjeza kusiya, koma ndi gawo lochepa la ndalama zonse zopita ku mafuta.

Ndalama zambiri zimadutsa pa khomo lalikulu, la ngongole ya kampani yonse. Kampani yaikulu ya mafuta siuza banki kuti ndikufuna kukumba chitsime chakuti. Imangoti ndikufuna mabiliyoni angapo oyendetsera bizinesi. Nthawi zina ndi ngongole yongotapa ukafuna, n'kubweza, n'kutapanso. Ndalamazo zikalowa mu akaunti ya kampani zimasakanikirana ndi zina, ndipo kampani ikakakumba chitsime chatsopano palibe angaloze kuti dola iyi inachokera ku banki yakuti.

Ndiye pali mabondi. Apa banki siitulutsa ngakhale ndalama yake. Kampani imalemba mapepala a ngongole, banki imawakonza, imawaikira mtengo, imawagulitsa kwa osunga ndalama za penshoni ndi za inshuwalansi, imatenga komishoni yake n'kusamba m'manja. Pa mabuku a banki sipaoneka ngongole iliyonse. Koma popanda bankiyo kampani sikanafikira ogulawo.

Choncho banki ikhoza kuimirira pamaso pa atolankhani n'kunena moona kuti sitipereka ndalama ku minda yatsopano, chonsecho sabata yomweyo yagulitsa mabondi a kampani imene ntchito yake yaikulu ndi kutsegula minda yatsopano.

Mnyamata wa Sola:
Zangokhala ngati kholo loti ine mwana wanga sindimupatsa ndalama ya fodya, ndimangomupatsa ya m'thumba 😂

Gogo Wamaakaunti:
Wamva bwino iwe.

Injiniya wa Magetsi:
Chabwino Gogo, za makomo ndamva ndipo sindikutsutsa. Koma tinene chilungamo, mabanki omwewo akuthiranso ndalama zambiri ku magetsi a dzuwa ndi a mphepo. JPMorgan inalonjeza mu 2021 kuti pa zaka 10 ipeza $1 thiriliyoni ya ntchito zosaipitsa chilengedwe. Lipoti la achemwali lija limangoonetsa mbali imodzi chifukwa olemba ake ali ndi cholinga chawo. Mabanki ena amatsutsanso momwe amawerengera.

Mphunzitsi wa Jogalafe:
Achimwene, tiyeni titenge a BloombergNEF, ofufuza za misika ya mphamvu, amene si oguba m'misewu. Iwo amayerekeza mbali zonse ziwiri. Anapeza kuti mu 2023, pa dola iliyonse imene mabanki anapereka ku mafuta, gasi ndi malasha, anapereka masenti 89 ku mphamvu zosaipitsa. Ndipo amati kuti tiime pa madigiri 1.5 pakufunika madola 4 pa dola iliyonse m'zaka za m'ma 2020 zino. Kuthirira mtengo ndi dzanja lamanzere uku lamanja lagwira nkhwangwa sikuumeretsa.

Komanso mawu oti "zosaipitsa" amawatambasula ngati mphira. Mu Okutobala 2022 bungwe loona za malonda otsatsa ku Britain linaletsa zikwangwani ziwiri za HSBC, china chonena za kudzala mitengo, chifukwa sizinatchule kuti banki yomweyo ikuperekabe ndalama ku makampani otulutsa mpweya woipa wambiri.

Mayi a Chikondi:
Pepani ndalowa mochedwa. Kodi suja panali mgwirizano wa mabanki wolonjeza kufika pa ziro? Unathera kuti?

Nabanda:
Unatha, mayi. Net-Zero Banking Alliance inayamba mu Epulo 2021 pansi pa United Nations, ndipo pa msonkhano wa zanyengo wa ku Glasgow chaka chomwecho inkatamandidwa kwambiri. Donald Trump atangopambana chisankho, Goldman Sachs inatuluka mu Disembala 2024, kenako Wells Fargo, Citi, Bank of America, Morgan Stanley, ndipo JPMorgan inatseka mzere mu Januwale 2025. Mabanki akuluakulu a ku Canada anatsatira. HSBC inatuluka mu Julayi, Barclays mu Ogasiti, ndipo mu Okutobala 2025 mgwirizanowo unasiya kugwira ntchito. Zaka zinayi ndi theka basi.

Injiniya wa Magetsi:
Pamenepo mukunditsimikizira mfundo yanga. Mabanki amatsata mphepo ya ndale. Ku America, dera la Texas linakhazikitsa lamulo mu 2021 loti mabungwe a boma lawo asamachite bizinesi ndi makampani a zachuma amene akusala mafuta. Dera la West Virginia mu 2022 linachotsa JPMorgan, Goldman Sachs, Morgan Stanley, Wells Fargo ndi BlackRock pa bizinesi ya boma chifukwa cha malasha. Kwinaku eni masheya akuona ExxonMobil ikupanga phindu la pafupifupi $56 biliyoni mu 2022, Shell pafupifupi $40 biliyoni. Mkulu wa banki woti akane kasitomala wotero achotsedwa ntchito mawa lake. Vuto lili pa malamulo.

Gogo Wamaakaunti:
Theka la zimenezo ndikuvomereza. Lonjezo lopanda chilango si lonjezo, ndipo mgwirizano uja unalibe mano chiyambire. Koma usawaone mabanki ngati tsamba louluzika ndi mphepo. Ali ndi anthu awo olipidwa kuti azilankhula ndi opanga malamulo ku Washington, ku London ndi ku Brussels. Lamulo loti ngongole ya mafuta izisungiridwa mpamba wochuluka likamakambidwa, amene amathamanga kukalifooketsa ndi ndani? Sungathandize kulemba lamulo lofooka kenako n'kumati ine ndimangotsata lamulo.

Mayi a Chikondi:
Ine sukulu ya zachuma ndilibe, ndiye mundipirire. Zoti akuwononga nyengo ndamva. Koma mawu oti kupanda chilungamo akubwera pati? Dziko likatentha si tonse titenthedwa, iwonso ali momwemo?

Mphunzitsi wa Jogalafe:
Tonse titenthedwa, mayi, koma ena ali pamthunzi. Africa yonse imatulutsa mpweya wa kaboni wosafika 4 peresenti ya wa dziko lonse. Pakistan siifika ngakhale 1 peresenti. Koma mu 2022 madzi osefukira ku Pakistan anakhudza anthu 33 miliyoni, anapha oposa 1,700, ndipo zowonongeka ndi zotayika zinafika cha m'ma $30 biliyoni. Dziko limenelo linali kale pakhosi ndi ngongole. Namondwe wa Idai atasakaza mzinda wa Beira mu Malichi 2019, Mozambique inalandira $118 miliyoni kuchokera ku IMF, ndipo inali ngongole, osati chipepeso. Munthu wakuwotchera nyumba ndi wina, koma wokongola ndalama zomangiranso ndi iwe.

Gogo Wamaakaunti:
Aphunzitsi, ndiloleni ndipitirize pamenepo chifukwa ndi pamene ntchito yanga yakale ikulowera. Chiwongoladzanja chimaikidwa potengera chiopsezo. Wobwereka amene akuoneka kuti angalephere kubweza amalipira zambiri. Tsono taganizani dziko limene namondwe amaligwetsera milatho zaka ziwiri zilizonse, chilala chimaumitsa madamu opangira magetsi, zokolola sizidziwika. Wowerengera chiopsezo amalilemba kuti ndi loopsa, ndipo chiwongoladzanja chimakwera. Kafukufuku wa 2018 wa mayunivesite a Imperial College London ndi SOAS anapeza kuti maiko osatetezeka ku kusintha kwa nyengo analipira $40 biliyoni yowonjezera pa chiwongoladzanja cha ngongole za maboma awo m'zaka 10, chifukwa cha chiopsezo cha nyengo chokhacho.

Ndiye onani momwe gudumu likuzungulira. Ofesi imodzi ya banki ikubwereketsa kampani ya mafuta pa chiwongoladzanja chotsika chifukwa kampaniyo ndi yolimba. Utsi wa mafutawo ukuwonjezera anamondwe ndi chilala. Ofesi ina ya msika womwewo ikuona anamondwewo n'kukweza chiwongoladzanja cha dziko limene lasakazidwa. Chiopsezo cha nyengo amachidziwa bwino lomwe, amachiwerengera mpaka kadontho. Kungoti bilu yake amaitumiza kwa wovulala, osati kwa wovulaza. Katapila weniweni sachita kuposa pamenepa.

Mayi a Chikondi:
Ayi ndamva tsopano. Zikomo Gogo.

Injiniya wa Magetsi:
Ndiye ndiloleni ndinene chimene chimandipsetsa mtima, chifukwa kupanda chilungamo kulinso mbali inayo. Anthu pafupifupi 600 miliyoni mu Africa alibe magetsi. Europe ndi America analemera ndi malasha ndi mafuta kwa zaka 200. Lero akhuta, akutiuza kuti gasi wanu musamukhudze. Nkhondo ya ku Ukraine itayamba mu 2022 anthu omwewo anathamangira ku Algeria, ku Senegal, ku Angola kukasaka gasi, Germany inayatsanso malo ena opangira magetsi ndi malasha. Macky Sall akali pulezidenti wa Senegal anadandaula poyera za chinyengo chimenechi. Mukamauza mabanki kuti asiye mafuta, amene ayambe kumanidwa si ExxonMobil. ExxonMobil ili ndi ndalama zake. Amanidwe ndi dziko losauka lofuna kumanga siteshoni imodzi ya magetsi a gasi. Simenti simungaiwotche ndi sola, feteleza amapangidwa kuchokera ku gasi. Ine ndimagwira ntchito ndi mawaya, ndimadziwa chimene chimachitika dzuwa likalowa popanda mabatire.

Nabanda:
Achimwene, mfundo imeneyo ndi yolemera ndipo sindiipeputsa. Koma tiyeni tione kumene ndalama za mafuta zimapita zikafika mu Africa. Tengani paipi ya EACOP. Ndi makilomita 1,443 kuchokera ku Hoima ku Uganda kufika ku gombe la Tanga ku Tanzania, yotenthetsedwa njira yonse chifukwa mafuta ake ndi olimba ngati phula. TotalEnergies ili ndi 62 peresenti, CNOOC ya ku China 8 peresenti, makampani a maboma a Uganda ndi Tanzania 15 peresenti aliyense. Paipiyo ikuthera pa doko, mafuta akwere sitima. Anthu masauzande ambiri anataya minda kapena kuletsedwa kulimamo kwa zaka akudikira chipukuta misozi. Ku Cabo Delgado ku Mozambique, ntchito ya gasi ya $20 biliyoni nayonso ndi yogulitsa ku Asia ndi ku Europe. Inaima mu Epulo 2021 zigawenga zitaukira tawuni ya Palma, ndipo mu Malichi 2025 banki ya boma la America yothandiza malonda akunja inavomerezanso ngongole ya $4.7 biliyoni. Nigeria yakhala ikugulitsa mafuta kuyambira 1958, koma ndi dziko limene lili ndi anthu ambiri opanda magetsi kuposa lina lililonse. Walira mvula walira matope, koma apa matope akutsala kwa wina, mvula ikukagwa kwa wina.

Mnyamata wa Sola:
Ndithirepo ndemanga monga munthu wa mapanelo. Siteshoni ya gasi mumalipira pang'ono pomanga kenako mumagula gasi moyo wonse. Sola ndi mosiyana, ndalama pafupifupi zonse mumalipira tsiku loyamba, kenako dzuwa ndi laulere. Ndiye mtengo wa magetsi a sola umadalira chiwongoladzanja kuposa china chilichonse. Panelo yomweyo, yochokera ku fakitale yomweyo ya ku China, ikaikidwa ku Germany pa ngongole yotsika imatulutsa magetsi otchipa, ikaikidwa ku dziko la dzuwa lambiri pa chiwongoladzanja chokwera kawiri kapena katatu magetsi ake amadula. IEA imati Africa ili ndi 60 peresenti ya malo abwino kwambiri a dzuwa padziko, koma mapanelo oikidwa ndi 1 peresenti yokha, ndipo ndalama zoikidwa mu mphamvu zosaipitsa zimene zimafika mu Africa ndi cha m'ma 2 peresenti. Banki yomwe imati dziko lakuti ndi loopsa kwambiri kuti tiikemo sola, ikamva kuti kuli gasi wogulitsa kunja chiopsezo chija chimazimiririka.

Gogo Wamaakaunti:
Chimazimiririka pa chifukwa, mdzukulu wanga. Gasi wogulitsa kunja amalipiridwa m'madola, ndi wogula wolemera wa ku Tokyo kapena ku Paris amene wasaina mgwirizano wa zaka 15 kapena 20, ndipo nthawi zambiri ndalamazo zimalowa mu akaunti ya kunja, obwereketsa n'kuyamba kutengapo gawo lawo dziko lisanaone kanthu. Magetsi a sola amagulidwa ndi kampani ya magetsi ya boma, imene imatolera ndalama ya m'dzikomo yomwe ikhoza kugwa mphamvu usiku umodzi. Kwa munthu wa pa desiki yanga yakale, yankho linali lodziwikiratu. Banki siikonda gasi kuposa dzuwa. Imakonda chinthu chimene chikutuluka m'dziko losauka kupita kwa wolemera, chifukwa ndi chimene chimabweza madola.

Injiniya wa Magetsi:
Apo ndiye tagwirizana, Gogo. Koma zindikirani kuti zimene mwanenazo zikutanthauza kuti kuletsa mafuta kokha sikubweretsa ndalama ku sola. Mukatseka mpopi uwu, madzi sakwera okha kupita ku winawo. Ine ndikadali pa mfundo yanga yoti dziko lopanda magetsi liloledwe gasi woyatsira mafakitale ake ndi wophikira.

Mphunzitsi wa Jogalafe:
Ine gasi wophikira ndi siteshoni zingapo za magetsi m'maiko osauka sindilimbana nazo, utsi wake ndi kadontho m'nyanja. Koma tisalole kuti umphawi wa Africa ukhale chishango cha aliyense. Pa $869 biliyoni ija, gawo lalikulu silikupita kumene kulibe magetsi. Likupita ku makampani a ku America, ku Canada, ku China, ku Japan ndi ku Middle East. United States inakhala dziko logulitsa gasi wamadzi kunja kuposa onse mu 2023, ndipo madoko atsopano akumangidwabe ku gombe la Texas ndi Louisiana, ena pafupi ndi madera a anthu osauka monga Port Arthur amene akhala akupuma utsi wa mafakitale oyenga mafuta kwa zaka zambiri. Mkulu wa banki akafunsidwa za madoko amenewo amayamba kulankhula za mayi wa ku Africa wophikira nkhuni. Mayiyo akungogwiritsidwa ntchito pa maikolofoni, ngongole yake palibe akuikonza.

Nabanda:
Ndawerengera kanthu kena apa. Thumba lothandiza maiko pa zowonongeka ndi zotayika chifukwa cha kusintha kwa nyengo linavomerezedwa ku Sharm el-Sheikh mu 2022, patatha zaka pafupifupi 30 maiko a zilumba akulipempha. Pa msonkhano wa ku Dubai mu 2023 malonjezo onse anakwana cha m'ma $700 miliyoni. Mukagawa $869 biliyoni ndi masiku a chaka mupeza pafupifupi $2.4 biliyoni patsiku. Ndiye thumba lonse lija ndi ndalama imene mabanki amapereka ku mafuta m'maola 7.

Mayi a Chikondi:
Maola 7! Munthu asanaweruke ku ntchito.

Mphunzitsi wa Jogalafe:
Ndipo $100 biliyoni pachaka imene maiko olemera analonjeza maiko osauka ku Copenhagen mu 2009 kuti ifike pofika 2020 inakwana mu 2022, yambiri ili ngongole. Ku Baku mu 2024 maiko osauka anapempha $1.3 thiriliyoni pachaka, anapatsidwa lonjezo la $300 biliyoni pofika 2035. Ngakhale $8.5 biliyoni imene South Africa inalonjezedwa ku Glasgow kuti ichoke pa malasha, mphatso yeniyeni inali kagawo kochepa, zotsalazo ngongole.

Mnyamata wa Sola:
Funso langa ndi loti kukalipira mabanki kumathandiza kapena timangodzitopetsa?

Injiniya wa Magetsi:
Sikuthandiza. Onani EACOP yomweyo. Mabanki ambiri a ku Europe ndi kwina anakana poyera, anthu anaomba m'manja. Mu Malichi 2025 gawo loyamba la ngongole linapezeka kuchokera ku Afreximbank, Standard Bank, Stanbic ya ku Uganda, KCB ndi ena. Ntchito yomanga paipi inapitirira. Ndinanena poyamba paja, wina akachoka wina amalowa.

Gogo Wamaakaunti:
Amalowa, koma salowa pa mtengo womwewo kapena pa tsiku lomwelo. Eni paipi ija anasaka ngongole kwa zaka zingapo, ndipo podikira anathiramo ndalama za m'thumba mwawo zoposa zimene anakonza. Kwa munthu wa maakaunti chimenecho si chaching'ono. Obwereketsa akachepa chiwongoladzanja chimakwera, ndipo ntchito ina imene inali pa malire imagwera ku mbali yosapindulitsa, n'kufera mu kabati osalengezedwa. Ntchito zofera mu kabati sitizimva pa wailesi, n'chifukwa chake timaganiza kuti palibe chikuchitika. Malasha ndiwo chitsanzo chooneka. Mabanki ndi makampani a inshuwalansi atayamba kuwakana, kenako Xi Jinping n'kulengeza ku United Nations mu Sepitembala 2021 kuti China sidzamanganso masiteshoni a malasha kunja, mapulani ambiri a masiteshoni atsopano ku Asia ndi ku Africa anafa.

Chimene ndimaopa ine ndi china. Mabanki akamasiya, ngongole zina zikusamukira ku makampani obwereketsa ndalama mwamseri, amene sakakamizidwa kuulula zambiri ngati banki. Kumeneko ngakhale lipoti la Nabanda silifika bwino.

Nabanda:
Palinso makhoti. Mu Febuluwale 2023 mabungwe atatu a ku France, Oxfam France, Les Amis de la Terre ndi Notre Affaire à Tous, anasumira BNP Paribas chifukwa cha ndalama zake za ku mafuta, ndipo patangopita miyezi yochepa bankiyo inakhwimitsa malamulo ake. Mu 2025 bungwe la Milieudefensie ku Netherlands, lomwe linatengerapo Shell ku khoti, linasumiranso banki ya ING. Mlandu suola. Ndipo kumbukirani za Standing Rock ku America mu 2016, pamene anthu a mtundu wa Sioux anakana paipi ya Dakota Access. Paipi inamangidwa ndithu, koma banki ya DNB ya ku Norway ndi ING anagulitsa magawo awo a ngongole, ndipo khonsolo ya mzinda wa Seattle inavota mu 2017 kuti isiye kusungitsa ndalama zake ku Wells Fargo.

Injiniya wa Magetsi:
"Paipi inamangidwa ndithu." Mwanena nokha, achemwali.

Nabanda:
Ndanena, sindibisa. Koma kuyambira pamenepo palibe banki imasaina ngongole ya paipi osayamba yaganiza za dzina lake.

Mayi a Chikondi:
Nanga ife wamba? Ine ndalama yanga yokhayo yooneka ndi ya penshoni imene amandidula mwezi ndi mwezi. Gogo mwati mabondi aja amagulidwa ndi osunga penshoni. Ndiye kuti mwina inenso ndili momwemo osadziwa?

Gogo Wamaakaunti:
N'kutheka ndithu, mayi, makamaka ngati osunga penshoni yanu amaika gawo lina m'misika ya kunja. Muli ndi ufulu wofunsa, ndalamazo ndi zanu.

Mayi a Chikondi:
Ndiwalembera kalata sabata ino. Ndifunsa kuti, kodi ndalama zathu zimathandiza mapulojekiti atsopano a mafuta, gasi kapena malasha?

Gogo Wamaakaunti:
Ayi mayi, mukafunsa choncho ayankha kuti ayi, ndipo adzakhala atanena zoona. Mwawatsegulira khomo laling'ono lija. Mawu oti pulojekiti muwachotse. Lembani kuti, nditumizireni mndandanda wa makampani onse amene muli ndi masheya kapena mabondi awo, ndi mabanki amene mumasungitsako ndalama zathu. Mndandandawo ukabwera muuike pano, tiuwerengere limodzi. Injiniya, nawenso ubweretse wako.

Injiniya wa Magetsi:
Ndibweretsa, Gogo. Koma ndikapezamo kampani ya gasi wophikira, imeneyo musandiuze kuti ndiichotse.